Za Mtima Womwazika

Abale ndi alongo amene muli kukonzekera ubatizo, pali funso limene makolo athu sadakomane nalo, koma ife sitingathe kulizemba. Funsolo nali: munthu akatha maola awiri kapena atatu pa tsiku ali kupenya m'foni, osaba kanthu ka mwini, osatukwana mnzace, osayang'ana zolaula, kodi walakwa? Ambiri ayankha msanga kuti iai. Ati: foni ndi yanga, mamega ndagula ndi ndalama zanga, nthawi nayonso ndi yanga, nanga ndalakwira yani? Yankho limeneli lili ndi mphamvu, ndipo tisalipeputse. Koma tiyeni tiliyese monga mai ayesa mphika watsopano pamsika, pougogoda ndi cala kuti amve ngati uli ndi mng'alu.

Poyamba tinene zokoma za foni, pakuti munthu wonyoza cinthu cimene cimamthandiza sakhala mboni yokhulupirika. Akulu a kuno akumbukira masiku amene uthenga wa maliro wocokera ku Cuamba unkafika ku Massangulo mtembo utaikidwa kale. Mafoni a m'manja adalowa m'dziko la Moçambique m'caka ca 1997 ndi kampani ya mcel, ndipo Vodacom idabwera m'caka ca 2003, koma kwa zaka zambiri adali zinthu za m'mizinda ndi za m'mbali mwa miseu yaikulu. Foni idasanduka cinthu ca kumudzi kuyambira caka ca 2012, pamene Movitel idayamba nchito ndi kuimika milongoti yace m'maboma akutali. Lero mai wa ku Ngauma amamva mau a mwana wace amene ali ku Nampula kapena ku Johannesburg, naona nkhope ya mdzukulu amene sadamnyamulepo. Ndalama ya mankhwala imafika pa M-Pesa kapena pa e-Mola tsiku lomwelo. Mlimi amafunsa mtengo wa nandolo ku Mandimba asanamange thumba panjinga. Zonsezi nzabwino, ndipo amene anena kuti foni ndi ya Satana sanaganize mokwanira.

Koma m'kabokosi kamodzi komweka muli zinthu ziwiri zosiyana. Cina ndi cida, monga khasu. Khasu ukaliimika pakhonde limakhala pomwepo kufikira mawa. Silikuitana usiku, silikukodola pamene uli kudya. Cinaco ndi mabwalo aja a Facebook, TikTok, Instagram, YouTube ndi magulu a pa WhatsApp, kumene anthu amaponyako zithunzi, nyimbo, nthabwala ndi mbiri usana ndi usiku. Izi sizidikira kuti uzifune. Zimalira, zimanjenjemera m'thumba, zimayatsa kadontho kofiira kuti uone. Ndipo sizicita comweco mwangozi.

Dzifunseni nokha: mamega mumalipira kwa Movitel, kwa Vodacom kapena kwa Tmcel, koma kwa Facebook mudalipirako kangati? Simudaperekepo ngakhale metikali imodzi. Nanga eni ace amadya ciani? Facebook idayambidwa m'caka ca 2004 ndi Mark Zuckerberg, mnyamata wa pa sukulu yaikulu ya Harvard ku America. Kampani yace, imene idatenga dzina la Meta m'caka ca 2021, idagulanso Instagram ndi WhatsApp. WhatsApp yokhayo idagulidwa m'caka ca 2014 pa madola mabiliyoni 19. Pafupifupi cuma conse ca kampaniyo cimacokera kwa amalonda amene amalipira kuti katundu wao aonekere pamaso panu. Ndiye kuti cimene cili pamalonda ndi maso anu ndi nthawi yanu. Mukakhalamo pang'ono, apeza pang'ono. Mukacezera, apeza zambiri. Msodzi wa pa nyanja ya Amaramba akaika nyambo m'mono, sauza nsomba kuti zilipire, ndipo khomo la mono lidalukidwa kuti polowa pakhale posabvuta, potuluka pobvuta.

Ena mwa amisiri amene adamanga zinthuzi adaulula okha. Sean Parker, amene adali pulezidenti woyamba wa kampani ya Facebook, adanena poyera m'caka ca 2017 kuti pomanga bwalolo ankafunafuna njira yotengera nthawi ndi maganizo a munthu mocuruka monga kungathekere, ndi kuti ankadziwa kuti ali kudyerera pa kufooka kwa mtima wa munthu. Wina, Aza Raskin, ndiye adapeka m'caka ca 2006 tsamba losatha, lija mumalikoka ndi cala nkumangobwera zina pansi pace. Pambuyo pace iye mwini adadandaula nayo nchito yaceyo. Taimani pang'ono muganize za tsamba limeneli, pakuti ndi cinthu cacilendo pa dziko lapansi. Zonse zimene munthu adazolowera zili ndi pothera. Mbale ya nsima ili ndi pansi pace. Mzere wa m'munda uli ndi kumapeto. Buku lili ndi tsamba lomaliza, gule amatha ng'oma zikaleka, ngakhale mowa umatha m'mbiya. Potherapo mpamene munthu amadzidzimuka nati: dzuwa lapendeka, ndinyamuke. Amisiri aja adacotsa potherapo, kuti kudzidzimuka kuja kusabwere.

Palinso cinsinsi cina. Mphunzitsi wina wa ku America, B. F. Skinner, adatha zaka zambiri ali kuyesa makoswe ndi nkhunda m'timabokosi. Nkhunda ikajompha kabatani, inkalandira njere. Iye adapeza kuti njere zikamabwera mosadziwika, pena pakujompha kacitatu, pena kakhumi, pena mocedwa kwambiri, nkhunda inkajompha mosapuma, ndipo ngakhale njere zitatheratu inkacedwa kuleka, kuposa inzace imene inkalandira njere pa kujompha kuli konse. Cala cathu pa galasi la foni ndico mlomo wa nkhunda ija. Makanema asanu ngopanda pace, wacisanu ndi cimodzi akuseketsa mpaka misozi, ndipo popeza sudziwa kuti wokomayo ali pati, suleka kukoka. Kandege kaja ka njuga kochedwa Aviator kamagwira anyamata ndi mbedza yomweyo. Kusiyana kwace nkwakuti iko kamadya ndalama za fodya poyera, pamene enawa amadya masiku mwakacetecete.

Wina tsono anganene kuti: ngati msampha udacheredwa dala ndi anthu anzeru ndi acuma, mlandu ngwao, si wanga. Mbali ina nzoona. Si cilungamo kusiya mwana wa zaka 13 kuti alimbane yekha ndi akatswiri amene amalandira malipiro kuti amgwire, ndipo maiko ena ayamba kuzindikira zimenezi: m'caka ca 2024 nyumba ya malamulo ya ku Australia idakhazikitsa lamulo loletsa ana osafika zaka 16 kulembetsa maina ao m'mabwalo otere. Cifukwa cace tisafulumire kunyoza mnyamata amene wagwidwa, ngati kuti ndi waulesi cabe. Koma mbalame imene yatera paulimbo kamodzi ndi yatsoka. Imene yaona anzace atakakamira pa nthambi, nkukaterapo mawa ndi mkuja, sitingaichenso yatsoka. Munthu si nkhunda ya m'bokosi. Ali ndi nzeru yakuzindikira cimene cili kumcitikira, ndiponso ufulu wakucikana. Wosadziwa mlandu wace ngwocepa, koma inu amene mwamva izi mwadziwa.

Tsopano tiyeni tiwerenge cimene citayika. Maola 2 pa tsiku, pa caka akwana maola 730. Munthu wolima maola 6 pa tsiku angawathe maola amenewa m'masiku oposa 120, ndiyo miyezi 4, nthawi yokwanira kuti cimanga cimere, cikule, ciberekenso. Munthu akagona dzinja lathunthu osagwira khasu, mudzi wonse udzamnena, ndipo akubanja adzaitana ankhoswe. Koma popeza dzinja ili limabedwa pang'onopang'ono, mphindi zisanu pano, khumi apo, palibe amene afuula kuti kwalowa mbala.

Komabe ine ndiona kuti nthawi si cinthu cacikulu koposa cimene titaya. Anthu akale naonso ankataya nthawi pa bawo ndi pamowa, dziko osagwa. Cotayika cacikulu ndi mphamvu yakukhazika mtima pa cinthu cimodzi kufikira citatha. Mai wina wophunzira wa ku yunivesite ya California, ku Irvine, dzina lace Gloria Mark, wakhala ali kuyesa kwa zaka zambiri utali wa nthawi imene munthu wogwira nchito pa kompyuta amakhala pa cinthu cimodzi asanalumphire cina. M'caka ca 2004 adapeza mphindi ziwiri ndi theka. Patapita zaka, nthawiyo idatsika kufika pa masekondi 47. Amenewo ndi anthu a m'maofesi a ku America, si alimi a ku Ngauma, koma mtima wa munthu ndi umodzi, ndipo umazolowera monga phazi lizolowera njira. Ukaudyetsa tsiku lonse tinthu ta theka la mphindi, mawa udzapeza kuti tsamba limodzi la buku latalika, phunziro la katekismu latalika, nthano ya agogo yatalika, ngakhale madandaulo a mkazi wako atalika. Makolo adaiona nthenda yotere m'nkhalango nati: ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Pusiyo sadagwe cifukwa zipatso zidali zoipa. Zonse zidali zokoma, ndipo iye adafuna kugwira zonse, natsala wopanda nthambi.

Palibe cinthu ca mtengo wace cimene munthu adaciphunzira ndi maso othamanga. Misyoni ino ya Massangulo, imene Bambo Pietro Calandri wa cipani ca Consolata adaiyamba m'caka ca 1928, idachuka cifukwa ca sukulu zace za nchito zamanja. Mmisiri wa matabwa amapala thabwa limodzi, naliyang'ana m'mbali ndi diso limodzi, nalipalanso, naliyesa, nalipalanso, mpaka dzanja lace lidziwa cimene pakamwa sipangathe kufotokoza. Luso limalowa pa kubwereza kotopetsa kumeneko, pamene mtima ufuna kuthawa koma mwini wace aubweza. Momwemonso mai wosankha masamba a fodya, mwana wophunzira kuwerenga, mtsikana wophunzira makina osokera. Mwana wolonda munda m'mbali mwa phiri adziwa bwino kuti anyani sabwera pamene iye ali kupenya. Amakhala pamwala ali phee, kudikira kuti aceuke. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo munthu amene wataya kudekha angakhale ndi zaka 40, ndevu zili pacibwano, koma m'kati mwace sakula. Zaka zimangomdutsa monga magalimoto adutsa pa mseu wa ku Lichinga.

Tibwerere ku mau aja akuti nthawi ndi yanga, ndalakwira yani. Mng'alu wa mphika uli pamenepa. Khutu la munthu ndi maso ace si zace yekha. Pali ena amene ali nazo gawo. Mwana akaumba ng'ombe yadongo nathamanga kuti bambo wace aione, safuna ndalama, safuna cakudya. Afuna maso a bambo wace. Bamboyo akati "eya, yakongola" nkhope ili pagalasi, mwana amamva bwino lomwe kuti sanaonedwe. Akacita kawiri, katatu, amaleka kubwera, ndipo tsiku lina bambo yemweyo adzadandaula kuti ana a masiku ano sauza makolo kanthu. Mkazi akayamba kunena za nkhokwe imene yatsika, mwamuna ali kuseka yekha ndi nthabwala ya munthu wa ku Lagos kapena ku São Paulo amene sadzakomana naye konse, mkaziyo amameza mau ace. Taonaninso pamaliro. Makolo adatiphunzitsa kuti kupepesa maliro si kulankhula, koma kukhala pansi pamodzi ndi ofedwa. Lero ukalowa m'siwa usiku uona timiuni ta mafoni pankhope za anthu. Matupi afika, eni ace ali kwina. Wofedwa akakweza maso aona kuti ali yekha pakati pa khamu.

Mai wina wanzeru wa ku França, Simone Weil, amene adamwalira m'caka ca 1943 ali ndi zaka 34, adaphunzitsa kuti kuchera khutu ndi mtima wonse kwa munthu wobvutika ndi mphatso yosowa ndiponso yobvuta kupereka, ndi kuti mphamvu imene mwana alimbitsa polimbana ndi samu yobvuta kusukulu ndi yomweyo imene munthu apemphera nayo. Ngati ziri tero, ndiye kuti mtima womwazika sulephera pa sukulu pokha. Ulephera kukonda, pakuti kukonda munthu kuyamba ndi kumuona. Ulepheranso kupemphera, pakuti milomo ingathe kutha kolona yonse mwini wace ali kuganiza za amene wayankha cithunzi cace. Mwaphunzira kale kuti munthu acimwa ndi zimene wacita, komanso ndi zabwino zimene wasiya kucita. Sindinena kuti kuyang'ana m'foni kuli konse ndi chimo, iai. Kupuma nkwabwino, kuseka nkwabwino, ndipo munthu amene wabwera kumunda atatopa angathe kuonera mpira kapena kumva nyimbo ndi mtima woyera. Mlandu uyamba pamene cimene wapereka kwa alendo a m'foni wacilanda kwa munthu amene wakhala naye pamphasa, kapena kwa nchito imene banja lako liyembekeza.

Ndiponso tisaiwale zimene mabwalowa amabzala pamene ali kutenga. Palibe munthu ajambula nkhokwe yopanda kanthu kapena denga lodontha. Ali yense aonetsa nsalu yace yatsopano, galimoto imene mwina si yace, nkhope imene makina aisalaza. Mtsikana wa ku Mandimba akapenya zimenezi madzulo ali onse amayamba kunyansidwa ndi nyumba ya amai ace, ndi khungu lace, ndi moyo wace wonse. M'caka ca 2021 Frances Haugen, amene adagwirapo nchito ku Facebook, adatulutsa makalata a m'kati mwa kampaniyo oonetsa kuti eni ace ankadziwa kuti Instagram imacititsa atsikana ena kudana ndi matupi ao. Ngati zidatero kwa ana a maiko olemera, nanga kwa mwana amene ayenda ulendo kukatunga madzi?

Koma tisaganize kuti nthendayi idabwera ndi milongoti ya foni. Kale kwambiri, m'cipululu ca Ejipito, mudali mmonke dzina lace Evagrius, amene adamwalira m'caka ca 399. Iye adalongosola ciyeso cimene cinkagwira amonke dzuwa lili paliwombo. Mmonke ankayang'ana pazenera kawirikawiri, natuluka kukaona ngati dzuwa lasuntha, nasuzumira uku ndi uku ngati kuli mbale amene ali kubwera kudzaceza. Akatenga buku ankayasamula, nawerenga masamba otsala. Munthuyo adalibe foni, adalibe wailesi, adali ndi mcenga ndi mphasa basi. Ndiye kuti muzu uli m'kati mwathu. Timaopa kukhala cete. Pakuti munthu akakhala cete zimamfikira zinthu zimene adazithamangitsa usana: ngongole imene sanabweze, mau oipa amene adanena kwa mlongo wace, mantha a matenda, ndi funso lakuti moyo wace uli kupita kuti. Cikumbumtima cilibe mau okweza, cimadikira kuti phokoso lithe. Mmonke uja pothawa ankangofika pazenera, nabwerera. Ife tili ndi zenera m'thumba, lotsegula usana ndi usiku, ndipo munthu angathe kukhala zaka osakomana ndi mtima wace. Koma zinthu zomwe tithawazo ndizo zimene munthu akalimba mtima nkuzipenya, amalapa, amapepesa, amasintha njira.

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala caka ca 2024, pa zipolowe zimene zidatsata cisankho, intaneti ya m'mafoni idadulidwa kangapo m'dziko muno, ndipo masiku ena Facebook ndi WhatsApp zidatsekedwa. Kutseka anthu pakamwa kotero si cinthu coyamika, ndipo ambiri adabvutika pa malonda ndi pa kusowa mbiri ya abale ao. Koma amene muli ndi mafoni otere kumbukirani masiku amenewo, mufunse dzanja lanu kuti lidapita kangati m'thumba likudziwa bwino kuti mulibe kanthu. Kuyabwa kumene mudamva kuja ndiko muyeso wa cingwe cimene cidakumangani.

Nanga ticite ciani? Lonjezo la pakamwa lakuti kuyambira mawa ndicepetsa silikhalitsa, pakuti limacitika usiku munthu atakhuta, ndipo limayesedwa masana munthu ali ndi njala. Mlimi sapangana ndi mbuzi kuti zisadye mbeu. Amamanga mpanda, ndipo amaumanga mbeu zisanamere. Mpanda woyamba ndi kuzimitsa timabelu ndi timauthenga tonse ta mabwalo aja, nkusiya kulira kwa munthu woimba kokha. Wosadziwa pocitira afunse mnyamata wodziwa, ndi nchito ya mphindi zocepa. Pamenepo foni yabwerera kukhala khasu: uipita ndiwe, siikuitana. Mpanda wina ndi mtunda. Dzanja silitola cimene cili kutali. Amene amakachajitsa foni pa sola ya mnansi kapena kumsika asadandaule; aisiye igone komweko, adzaona kuti tulo tabwerera. Polima ikhale m'thumba lopacikidwa pamtengo kumapeto kwa munda. Ndipo popita m'bwalo la m'foni, pita monga munthu wanzeru apita kumsika: anena asananyamuke kuti ndikagula mcere ndi sopo, akagula abwerako. Wopita kumsika kukangoona amabwera madzulo, ndalama itatha, mcere ataiwala. Magulu a pa WhatsApp amene nchito yao ndi misece ndi mikangano tulukamoni. Adzakunenani masiku awiri, lacitatu adzapeza wina womnena.

Koma mpanda wa munthu mmodzi ndi wofooka. Cimene cimalimba ndi mwambo wa pakhomo, umene onse abvomerezana. Anansi athu Acisilamu, amene ndiwo ambiri pakati pa Ayao kuno, ali ndi nthawi zisanu pa tsiku zimene amasiya zonse kukapemphera, ndiponso mwezi wathunthu wa Ramadani wosala cakudya ndi madzi usana wonse. Amatha cifukwa acita pamodzi, ndipo adziwa kuti cilakolako cimaphunzira kudikira cikapatsidwa nthawi yace. Ifenso tili ndi masiku 40 a Lenti. Munthu amene nyama amaidya kamodzi pa mwezi sasala kanthu posiya nyama, koma atasiya TikTok angadziwe kuti kusala nciani. Papa Francisco adapempha mabanja m'mwezi wa Disembala 2019 kuti pa nthawi ya cakudya asiye mafoni ayambenso kulankhulana. Ndi kanthu kakang'ono, koma kayeseni: pamene madzi osamba m'manja afika, mafoni onse alowe m'lichero, kuyambira ya bambo. Ndanena kuyambira ya bambo, cifukwa mwana samvera lamulo limene mwini lamulo alilumpha. Mnyamata wa ku Italia, Carlo Acutis, amene adamwalira m'caka ca 2006 ali ndi zaka 15, ndipo adalembedwa m'gulu la oyera m'caka ca 2025, adali katswiri wa kompyuta ndipo ankakonda masewero a pamenepo, koma adadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Sadathawe cidaco. Adacigwira kumpini.

Malo amene atsala foni ikacoka asakhale opanda kanthu, pakuti munda wosadzalidwa umamera udzu womwe udazulidwa. Mtima womwazika umabwezedwa monga mwendo wothyoka uphunzira kuyendanso, pang'onopang'ono. Werenga tsamba limodzi kufikira pansi osadzuka. Khala ndi agogo mpaka nthano ithe, ngakhale udaimva kale. Tsiriza mzere umodzi usanaweramuke. Khala cete mphindi khumi m'mamawa, usanakhudze kanthu. Masiku oyamba mtima udzalumpha ngati mbuzi yomangidwa kumene. Usaukalipire, ungoubweza, ukathawanso, ubwezenso. Kubwezako ndiko nchito yeniyeni, ndipo amene waubweza kakhumi pa pemphero limodzi sanalephere.

Wacinyamata wina adzati: koma ine ndimaphunzira zambiri m'foni. Nkutheka. Ophunzira za ulimi ku yunivesite ya Katolika ku Cuamba amapezamo mabuku amene sakadatha kugula, ndipo pali anyamata amene aphunziramo kukonza njinga zamoto ndi kulumikiza mawaya a sola. Pali njira yosabvuta yodziwira ngati nawe uli m'gulu limeneli. Madzulo, foni ili kutali, fotokozera mng'ono wako cinthu cimodzi cimene waphunzira lero, mwa ndondomeko, kuti iyenso athe kucicita. Ukatha, pitiriza. Ukapeza kuti m'mutu mwangotsala utsi wa nkhope ndi nyimbo zosalumikizana, udziwa wekha cimene unali kucita.

Bvuto lenileni lili kwa iwo amene agwira foni cifukwa ca cikondi. Mai amene mwana wace ali ku Johannesburg, kumene alendo nthawi zina amasakidwa, amagona foni ili pamtsamiro, nadzuka kawiri katatu usiku kuona ngati kwabwera mau. Ameneyu sitingamuuze kuti akasiye foni kwa mnansi. Koma nayenso nkhawa yamdya, ndipo ana amene ali nao pakhomo amaona msana wace kuposa nkhope yace. Comwe cingamthandize ndi pangano ndi wa kutaliyo: zoopsa zikagwa aimbe, foni idzalira ndipo idzamveka, zikakhala bwino, akhale ndi tsiku lao lodziwika, monga Lamulungu madzulo. Tsikulo likafika, mai akhale pansi, aitane onse a pakhomo, foni iikidwe pakati pamphasa, ndipo wa ku Johannesburg alankhule ndi ali yense mmodzimmodzi, kuyambira agogo kufikira kamwana kamene kadabadwa iye atacoka kale.